Ambulera ya achimwene

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi ana ndi bambo awo. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chatikhalira pakhosi, dzuwa sitikulionanso. Uthenga wako uja wofunsa za phwando la amayi ndinauona, koma nkhaniyi si yongoyankha pa foni mizere iwiri, nchifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe.

Ukudziwa kuti amayi tsiku lawo lenileni lobadwa salidziwa. Chomwe amanena nchoti anabadwa chaka cha njala ya 1949, agogo aamuna atapita kukasuma. Pa nthawi yolembetsa ziphaso za unzika mu 2017 panafunika tsiku, ndiye achemwali anangotchula 6 Julaye poti ndi holide yosaiwalika. Chaka chino akwanitsa zaka 75, ndiye tinagwirizana pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense asonkhe K50,000 ya chakudya, mphatso aliyense aone yekha. Pamenepo mpamene panagona vuto.

Tinakumana kumudzi ku Chiradzulu, tinapha mbuzi, mpunga ndi thobwa zinalipo, keke inachokera ku Limbe. Anabwera amayi a Mvano anzawo, anyakwawa, ndi adzukulu osawerengeka. Tsono wachitsiriza wathu uja, ukumudziwa mmene amakondera zooneka, anati mphatso zitsegulidwe pagulu, wina azitchula dzina la wopereka ngati perekaniperekani wa paukwati. Iyeyo anagula bulangeti lolemera ndi nsapato. Ine ndinagula juzi ndi nsalu ya chitenje. Achemwali, amene amakhala ndi amayi pakhomopo, anapereka tambala ndi shuga. Anthu nthungululu, m'manja.

Kenako inafika phukusi ya achimwene, mwini mbumba, munthu wa galimoto, wa ntchito yabwino m'tauni. Alamu anaikulunga bwino ndi pepala lonyezimira. Potsegula, munali ambulera ndi kapu. Zonse ziwiri zolembedwa dzina la kampani yomwe achimwene amagwirako ntchito, zija amagawa ulere kumapeto a chaka. Kapuyo inalembedwanso chaka chatha. Pabwalo panangoti zii, mpaka mayi wina wa Mvano anayambitsa nyimbo kuti atipulumutse.

Alendo atangochoka, zinafika pa mwana wakana phala. Wachitsiriza anawafunsa achimwene pamaso pa tonse kuti, "Kodi amayi ndi chikwangwani cha kampani yanu?" Achimwene anati iwo anathira mafuta a galimoto, ananyamula anthu, anagulanso zakumwa, ndiye asawerengedwe ngati sanachite kanthu. Alamu anaonjezera kuti zinthu zakwera, kuchokera pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023 malipiro sakufika pakati pa mwezi. Apo sananame, tonse tikuziona. Koma wachitsiriza anangoti kwachayo inagwera tonse, sinasankhe nyumba imodzi. Usiku womwewo alamu anatuluka pa gulu la WhatsApp, ndipo mpaka lero sanabwererepo.

Azakhali nawo anali ndi zawo. Iwo akuti tonse ndife opusa, zokondwerera tsiku lobadwa nzachilendo, kale mphatso inkaperekedwa mwana akatuluka m'chikuta, pa chinkhoswe, kapena ukapita kukaona munthu, ndipo palibe ankafunsa mtengo wake. Akuti munthu ankabwera ndi kambale ka ufa, mazira, ngakhale mtolo wa nkhuni, wolandira nkuwomba m'manja. Ndinawamvetsera, koma ndinaseka chamumtima, poti azakhali omwewo ndi amene amakumbukira mpaka lero amene anaponya ndalama zochepa pa ukwati wa mwana wawo.

Ukandifunsa ine, kutchipa kwa mphatsoyo sikunandipweteke. Tambala wa achemwali naye sanali wa ndalama zambiri, koma achemwali amadziwa kuti amayi nyama ya mbuzi imawavuta kutafuna, ndiye anawaphikira nkhukuyo mawa lake mpaka kufewa. Chimene chinandiwawa nchoti achimwene sanakhale pansi ngakhale pang'ono kuganiza kuti mayi wawo ndi munthu wotani, akusowa chiyani. Anangotsegula kabati nkutola chomwe chinali pafupi. Chikhala anangobwera chimanjamanja nkunena kuti, "Amayi, mwezi uno zandivuta," bwenzi palibe anayankhula.

Koma naye wachitsiriza sindikumuikira kumbuyo. Ukali wakewo si wa ambulera. Ali ndi chakukhosi cha kalekale, cha nthawi ija achimwene analonjeza kumulipirira fizi ya ku koleji nkumusiya panjira, mpaka amayi anagulitsa mbuzi zawo. Nkhani imeneyo sinakambidwepo pabwalo, aliyense amangoizungulira. Ndiye ambulera yangokhala popezerapo. Komanso zotsegula mphatso pagulu anazikonza dala, ankadziwa kuti bulangeti lake liposa onse.

Amene anandikhudza ndi achemwali. Pa mkangano wonsewo sanatsegule pakamwa, ankangotsuka mbale kuseri. Nditawapeza anandiuza kuti, "Inu mukukangana za tsiku limodzi. Masiku enawa amayi amakhala ndi ndani?" Ndi iwo amene amawaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala a BP, amawatungira madzi, amawafunditsira madzi osamba m'mawa kukazizira chonchi. Anandionetsa denga la kuchipinda kwa amayi, malata awiri anabooka, mvula ikagwa amasuntha mphasa nkuika beseni. Anandiuzanso kuti amayi anasiya kuwerenga Baibulo lawo chifukwa magalasi anathyoka mwendo ndipo sakuonanso bwino. Zonsezi ananenapo pa gulu lija, anthu anangoika chala chosonyeza kuti aona. Ndalama zomwe tinasonkha za mbuzi ndi keke zikanagula malatawo.

Nanga eni ake tsikulo? Amayi ambulera aikonda zedi. Ndi chiperoni chimenechi akuyenda nayo ku Mvano, dzina la kampani lili poyera, akuuza aliyense kuti ndi kumene amagwira ntchito mwana wawo. Bulangeti la wachitsiriza analipinda nkuliika m'sutikesi, akuti ndi labwino kwambiri, lidikire alendo. Wachitsiriza atamva zimenezo anatsala pang'ono kulira. Kapu ija akusungiramo singano ndi mabatani. Chimene akudandaula nchimodzi, kuti ana awo sakuyankhulana, ndipo atuma malume kuti atiitane tonse kumapeto a mwezi uno. Achimwene akuti abwera, za alamu sitikudziwa. Ine ndakonzeka kukanena kuti tiyambe ndi nkhani ya fizi ija, ithe, kenako tigawane za denga ndi magalasi, komanso tizimupatsako kangachepe mwezi ndi mwezi amene akusamala amayiyo.

Paja unati ukufuna kuwatumizira kanthu amayi ako mu Okutobala pa tsiku la anakubala. Usawafunse iwo, adzangoti chilichonse mwanawe. Funsa mng'ono wako amene akukhala nawo. Ndinakawaona sabata yatha, ali bwino, koma akudandaula mawondo, ndipo mbaula yawo yatha. Ukatumiza ndalama pa Mukuru undiuze, ndikhoza kukagula ndekha ku Limbe nkukawasiyira. Za zovala usavutike, madiresi awiri unatumiza aja sanavalebe, akuti ndi aafupi.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Undiuzenso ngati mapepala ako aja anatuluka, komanso ngati Disembala uno ubwera.

Ndine mnzako wa kale lomwe.