Mpasa ibwerere m'madzi, chikumbutso tiumbe m'chikombole

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za ntchito imene ndinaigwira zaka zambiri m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, ntchito imene Azungu amaitcha taxidermy, komwe ndi kufufuta chikopa cha nyama kapena cha nsomba n'kuchiveka pa thupi lochita kuumba kuti chioneke ngati chamoyo. Chandichititsa kugwira cholembera ndi zomwe zinandichitikira mwezi wathawu kuno ku Nkhotakota. Mnyamata wina anafika pakhomo panga ndi mpasa yaikulu, mimba ili tho ndi mazira, ataikulunga m'thumba lonyowa, ati mlendo wina wokonda kuwedza akufuna ndimukonzere kuti akaipachike pakhoma kwawo. Ndinakana, ndipo ndikufuna owerenga amve chifukwa chake, popeza sikuti ndimaida ntchitoyi.

Ntchitoyi ndi luso lenileni, ndipo amene amaganiza kuti timangotenga nyama n'kuipakira udzu m'mimba akulakwitsa. Mlenje akapha ngoma kapena mphalapala, mpikisano umakhala pakati pa mpeni ndi dzuwa, chifukwa chikopa chikachedwa kusendedwa ndi kuthiridwa mchere, ubweya umayamba kuthothoka ndipo palibe mmisiri angaubwezeretse. Makutu timawatembenuza ngati sokosi, milomo ndi zikope timazing'amba mkati mosamala kuti mchere ulowe paliponse, kenako chikopa chimafufutidwa, n'kupalidwa mpaka chipyapyale. Thupi limaumbidwa padera potsatira miyeso ya nyamayo, maso amakhala agalasi, ndipo kumene ndinkagwirako tinali ndi kabati yodzaza ndi maso okhaokha, a nswala pawokha, a kambuku pawokha, moti mlendo akaitsegula mosadziwa ankadumpha. Njira youmba thupi ndi minofu yake yonse inakhazikika ndi Carl Akeley, mmisiri wa ku America amene anamwalira mu 1926 ku Congo. Kuti muone kufunika kwa chikopa chosamalidwa bwino, taganizani za mikango iwiri ya ku Tsavo m'dziko la Kenya, imene inadya anthu omanga njanji mu 1898. John Henry Patterson ataipha, zikopa zake anaziyala pansi m'nyumba zaka zoposa 20, zitadulidwadulidwa m'mbali, ndipo pamene anazigulitsa ku Field Museum, nyumba yoonetseramo zachilengedwe mumzinda wa Chicago, amisiri anachita kuumba mikango yocheperapo kusiyana ndi mmene inalili yamoyo.

Koma nsomba ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene pali mtsutso wanga. Aliyense wokulira kunyanja akudziwa kuti nsomba ikangovuulidwa, kunyezimira kwake sikuchedwa kuzilala. Chikopa chake chikauma chimatuwa ngati pepala lakale, zipsepse zimakhwinyata, mutu umafota, ndipo nsomba yamafuta imapitiriza kutulutsa mafutawo kwa zaka, n'kumaononga utoto. Choncho nsomba iliyonse imene mumaiona pakhoma, mtundu wake wonse ndi utoto umene mmisiri anapaka ndi dzanja, mamba amodziamodzi. Ngati zili choncho, tikuiphera chiyani? Amisiri ambiri masiku ano amaumba nsomba m'chikombole ndi fibreglass, pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi. Wowedza amangoyeza kutalika kwa nsomba ndi kukula kwa mimba yake, n'kuijambula zithunzi zingapo ndi foni ikadali yonyowa, kenako n'kuibwezera m'madzi. Chimene amalandira pambuyo pake chimafanana ndi nsomba yake kuposa chikopa chouma, sichinunkha, sichidyedwa ndi tizilombo, ndipo chimapirira chinyontho cha dzinja lathu chimene chimaumbitsa nkhungu ngakhale pa nsapato.

Mpasa si nsomba yoti tiziseweretsa. Ndi ya m'Nyanja ya Malawi ndi mitsinje yothira m'nyanjayi basi, imakwera mitsinje ngati Bua kukaswana pa miyala ya m'madzi oyera, ndipo bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaiika m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo chotha. Matope ochokera m'minda ya m'mphepete mwa mitsinje akukwirira kale malo ake oswanirana, maukonde akuitchingira pa mathiriro, ndiye tiwonjezerepo kupha zazikulu zimene zili ndi mazira ambiri pofuna kukongoletsa khoma? Msodzi amene wagwira mpasa kuti ana adye nsima sindikumuweruza m'kalata ino. Ndikunena za munthu wokhuta amene akufuna chikumbutso chabe.

Abale athu obwera kuchokera ku Joni nawonso asamale. Ena amapatsidwa chikopa kapena nyanga ndi abwana awo ngati mphatso yotsazikirana, n'kuziponya m'chikwama osaganiza kawiri. Lamulo lathu la zanyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, limafika mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo zinthu ngati chikopa cha kambuku sizidutsa malire a mayiko popanda zilolezo za CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Kunena kuti “anandipatsa ndi bwana” sikuthandiza pachipata cha Mwanza kapena Dedza.

Pempho langa likupita kwa a nthambi yoona za nkhalango zosungirako nyama, a nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri, ndi a TEVETA. Nyama zimafa zokha m'nkhalango zathu, zina zimaphedwa ndi alonda zikavuta m'midzi, ndipo zikopa zoterezi, zitasamalidwa ndi mmisiri wachilolezo, zingathandize mwana wasukulu wa ku Ndirande kuona ukulu weniweni wa njati. Achinyamata athu amene amasema ziboliboli ndi kujambula zikwangwani ali kale ndi diso komanso dzanja lofunika pa ntchito youmba chambo, kampango ndi mpasa m'chikombole, ndipo mahotela a m'mbali mwa nyanja angakhale ogula oyamba. Ine zida zanga zikadali m'bokosi, ndipo ngati pangapezeke malo ndi chilolezo, ndili wokonzeka kuphunzitsa achinyamata oyamba popanda malipiro.

Mmisiri wopuma,
Nkhotakota