Pepala limene ndinasainira kuchipatala lationetsa zakuda

A Mlangizi,

Ndikulemba kalatayi usiku, nthawi yadutsa 1 koloko, amuna anga ali m'tulo ndipo mwendo wawo wovulala ndausanjika pa mtsamiro, chifukwa masana sindingathe kugwira cholembera popanda wina kundisuzumira. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu, ndipo ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi m'mphepete mwa msewu wa M1. Dzina langa ndalibisa dala.

Lachisanu lapitali kunabwera bambo amene kwa zaka ziwiri ndi miyezi yambiri takhala tikumutchula kuti loya wathu. Anabwera ndi pepala latsopano loti tisainire, lonena kuti gawo lake pa chipukutamisozi cha amuna anga likwere kuchoka pa limodzi mwa magawo atatu kufika pa theka, ndipo anati tikakana tibweze ndalama zonse zimene waononga pa mlandu wathu, ndi chiwongoladzanja pamwamba, mwezi uno usanathe. Ananena zimenezi atakhala pa mpando wa amuna anga, akusenda nthochi zimene ndinamupatsa ndekha.

Amuna anga anachita ngozi pa minibasi pakati pa Mlangeni ndi Ntcheu boma, akupita kukagula feteleza. Tayala linaphulika, galimoto inagubuduzika, ndipo fupa la ntchafu yawo linathyoka pawiri, moti anawatumiza ku Lilongwe kumene anawaika chitsulo. Bambo ameneyu anatipeza kuchipatala tsiku lachinayi, ine ndikutsuka mbale pa mpopi wa kumalo ogona osamalira odwala. Anavala jekete, ananyamula chikwama cha mafayilo, ndipo anadziwa dzina la amuna anga ndisanamuuze. Anati amagwira ntchito ndi maloya, anati minibasi iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ovulala, zimene ndi zoona, ndipo anati ife sitilipira kanthu kufikira mlandu utatha. Iye ndi amene analipirira lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala, analipiranso galimoto yotibweretsa kunyumba, natipatsa K120,000 yogulira chakudya pamene bizinesi yanga inali itaima. Pepala loyamba linali la Chingerezi, masamba atatu. Ine ndinalekezera sukulu mu Sitandade 7, ndipo ndinasaina pa bondo, mukhonde la chipatala, pomwe amuna anga anadinda chala ali chigonere ndiponso atangomwa mankhwala ochepetsa ululu. Kope la pepalalo sanatipatse kufikira lero.

Anthu akundinena kuti ndinachita zinthu mopupuluma, koma ndikufuna mudziwe kuti panalibe wina wofunsa. Alamu anga, amene lero akulankhula kwambiri pa nkhaniyi kuposa wina aliyense, anabwera kuchipatala kamodzi kokha m'masabata asanu ndi limodzi, atanyamula buledi mmodzi ndi botolo la Sobo, ndipo pobwerera anandipempha K5,000 ya thiransipoti, imene mpaka pano sanabweze ngakhale kuti chaka chatha anagula njinga yamoto ya kabaza. Sindikudandaula za K5,000, koma munthu amene sanagonepo pa simenti ya chipatala ngakhale usiku umodzi sayenera kuimirira pa maliro a eni ake n'kumauza anthu kuti ndinagulitsa mwendo wa mchimwene wake.

Pali chinthu china chimene amuna anga sakuchidziwa. Chaka chatha ngongole ya ku banki m'khonde itandipanikiza, nthawi yomweyo mwana wathu woyamba atathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndinatenga ndalama zina kwa bambo yemweyu, ndipo ndinasainira m'kabuku kake. Kuchuluka kwake sindikutchula. Sindinagule nazo chitenje kapena foni, koma ndikudziwa kuti zikadzamveka palibe amene adzafunse kuti zinagwira ntchito yanji, makamaka pakuti ena anayamba kale kunong'ona za kubwerabwera kwa bamboyu pakhomo panga. Iye akudziwa kuti ndikuopa, ndipo Lachisanu lija potsazikana anagogoda kabukuko ndi chala akundiyang'ana.

Chimene chandidzutsa m'tulo n'chakuti mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zamalamulo ku yunivesite ku Zomba, anafufuza dzina la bamboyu pa mndandanda wa maloya ovomerezeka wa Malawi Law Society ndipo sanalipeze. Anandiuza pa foni kuti, "Mayi aang'ono, ameneyo ndi dobadoba." Anandifotokozera kuti pali lamulo lotchedwa Legal Education and Legal Practitioners Act limene limaletsa munthu amene si loya kugwira ntchito ya uloya, ndipo mnyamatayo mwiniwake anakana kutilembera ngakhale kalata imodzi yopita ku inshuwalansi, nati akatero ndiye kuti nayenso walowa m'madzi omwewo. Komatu bambo uja wakhala akulemba makalata m'dzina lathu, anaphunzitsa amuna anga zokanena kwa dokotala, ndipo a inshuwalansi atanena ndalama zimene anali okonzeka kupereka, iye anakana m'malo mwathu osatifunsa, akuti zinali zochepa. Ife tinamva patapita miyezi itatu. Amanena kuti ali ndi loya weniweni ku Lilongwe amene akuyendetsa mlandu kukhoti lalikulu, koma loya ameneyo sitinamuonepo nkhope, dzina lake amalitchula mosinthasintha, ndipo nambala ya mlandu ndikaifunsa amati fayilo ili kwa jaji.

Mnyamatayo anandiuzanso za lamulo lakale lochokera ku England, ndipo dzina lake ndinachita kumupempha kuti andilembere pa WhatsApp, akuti champerty. Mmene ndinamvera ine, lamuloli limadana ndi zoti munthu wapadera, amene mlandu sukumukhudza, aziika ndalama zake pa mlandu wa mnzake n'cholinga choti adzagawane zopambana. Anati dziko lathu linatengera malamulo a ku England monga analili mu 1902, ndipo ngakhale ku England komweko anasiya kulanga anthu pa chifukwa chimenechi mu 1967, makhoti akumeneko anatsala ndi mphamvu yokana mgwirizano wotere. Anatchulanso Loans Recovery Act, imene imalola khoti kuunikanso ngongole ya chiwongoladzanja chonyanya ngati katapila. Koma chimene chinandiumitsa thupi ndi chakuti mlandu wa kuvulala umayenera kukafika kukhoti zisanathe zaka zitatu, ndipo ife zaka zitatuzo zikukwana mwezi wa Epulo ukubwerawu.

Tsono a Mlangizi, mtima wanga uli pawiri, chifukwa sindingakane kuti bamboyu anatithandiza pamene abale anatithawa. Popanda K120,000 ija ana anga akanagona ndi njala, ndipo ine ndekha sindikanadziwa khomo lolowera kuti ndipeze lipoti la apolisi. Munthu akaika ndalama zake ayenera kupezapo kanthu, zimenezo ndikuzimvetsa monga wamalonda, pakuti nanenso sindigulitsa thumba la mbatata pa mtengo umene ndinaoda. Koma theka la mwendo wa amuna anga? Munthu amene anali kulima maekala awiri yekha lero amayenda ndi ndodo kuchoka pakhomo kufika kuchimbudzi, ndipo kukazizira, monga mudziwa mmene kuno kumazizirira mu Juni ndi Julayi, chitsulo chija chimawaliritsa ngati mwana.

Ndithandizeni. Kodi pepala loyamba lija, losainidwa kuchipatala m'chinenero chimene sindichimva bwino, ndi munthu amene anatinamiza kuti ndi wa maloya, lili ndi mphamvu pamaso pa khoti? Ngati lilibe mphamvu, kodi ndalama zimene anatipatsa tiyenera kubweza zonse, ndipo chiwongoladzanja chimene akuwerengera yekha m'kabuku kake chikutimanga? Ndikakamunenera ku Malawi Law Society kapena kupolisi, kodi mlandu wa amuna anga sufera pomwepo, popeza malipoti onse enieni ali m'chikwama chake, ndipo kodi ineyo sindimangidwa nawo chifukwa ndinasaina komanso ndinalandira ndalama? Ndamva kuti Legal Aid Bureau imathandiza anthu osauka, koma kodi angalandire nkhani imene wina anaiyamba kale mokhotakhota chonchi, nthawi itatsala yochepa? Nanga ndingadziwe bwanji ngati mlanduwo unalembetsedwadi kukhoti, kapena ngati a inshuwalansi analipira kale ndalama kwa wina ife tili chikhalire?

Ndipo za kabuku kaja, kodi ndiwauze amuna anga ndekha ndisanapite kulikonse, kapena ndiyambe ndapeza loya weniweni? Bamboyu wati abweranso Lachitatu, tsiku la msika, ndi pepala lake ndi inki yodindira chala, ndipo amuna anga, amene sakudziwa chifukwa chimene ndikuzengereza, andiuza madzulo ano kuti tingosaina kuti nkhaniyi ithe.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Lizulu, Ntcheu