Lipoti la ulendo wa ku Chaco Canyon

Apampando ndi aphunzitsi anzanga nonse a mbiri yakale,

Zikomo pondituma ku msonkhano wa osamalira malo akale uja ku New Mexico, m'dziko la America. Za m'holo ndazilemba padera. Pano ndinene za tsiku limene anatitengera ku Chaco Canyon, chigwa chomwe muli mabwinja a nyumba zakale za eni nthaka a kumeneko.

Msewu wake ndi wafumbi, wamabampu, ndipo dera lonse ndi louma gwa. Koma ukafika pa Pueblo Bonito umangoti kukamwa yasa. N'chinyumba cha miyala cha zipinda zoposa 600, chomwe anachimanga pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 850 mpaka cha m'ma 1150. Mitengo yambiri ya denga ankachita kusenza kuchokera ku mapiri a Chuska, mtunda woposa makilomita 60, opanda ngolo kapena bulu. Chakudya chawo chinali chimanga, nyemba ndi maungu.

Ine ndinayamba ndi kuphonya. Ndinafunsa wotiperekeza kuti anthu a Anasazi, omwe anamanga nyumbazi, anazimiririka bwanji. Anandikonza mwaulemu, koma manyazi ndinachita. Dzina limenelo anawapatsa ndi a Navajo, mtundu wina wa m'deralo, ndipo ambiri amalimasulira kuti "adani akale", n'chifukwa chake eni ake salifuna. Komanso anthuwo sanazimiririke ayi. Chilala chitakula cha m'ma 1130 anayamba kusamuka, ndipo zidzukulu zawo ndi a Hopi, a Zuni, a Acoma ndi mitundu ina ya Pueblo, omwe mpaka lero amachitira miyambo m'zipinda zotchedwa kiva, monga ankachitira makolo awo pamenepa. Ife tinkaona mabwinja, iwo amaona kwawo.

Phiri la Fajada Butte tinangoliona chapatali poti n'loletsedwa kukwera. Pamwamba pake pali miyala itatu ikuluikulu. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pakati pake n'kukagwera pa chizindikiro chopindapinda chogobedwa pathanthwe, motero ankadziwa kusintha kwa nyengo. Mu 1989 zinadziwika kuti miyalayo yasuntha, nthaka itakokoloka ndi mapazi a anthu odzaona. Apa mtima wanga unathamangira ku Chongoni, komwe ophunzira athu amakhudza zojambula za pamiyala ife tikungoyang'ana.

Ndikupempha zinthu ziwiri tikakumana. Tichotse dzina la Anasazi m'manotsi athu, tizilemba kuti makolo a anthu a Pueblo. Tigwirizanenso chiwerengero cha ana omwe mphunzitsi mmodzi angalowe nawo kuphanga nthawi imodzi. Ine ndikuti asapitirire khumi.

Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.