Kalata kwa mdzukulu wanga: masewero olimbirana mbuzi a ku Kyrgyzstan

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti waona chithunzi cha amuna okwera akavalo akulimbirana mbuzi, ndipo wakhala ukufunsa ngati akumenyana. Ayi, akusewera. Masewerowo dzina lake ndi kok-boru, ndipo kwawo ndi ku Kyrgyzstan, dziko lamapiri ataliatali lochita malire ndi China. M'chilankhulo chawo kok-boru ndiye kuti "mmbulu wotuwa". Eni ake amati kalekale abusa ankathamangitsa mimbulu yogwira nkhosa zawo ali pa akavalo, akaupha mmbuluwo n'kumalandana.

Mbuziyo usaimvere mantha, imakhala yakufa kale. Amaidula mutu ndi miyendo cha m'mawondo, ndipo iyenera kulemera makilogalamu 32 mpaka 35. Ndikhulupirira ikukuposa iweyo! Iwo amaitcha ulak.

Bwalo lake ndi lalitali mamita 200, m'lifupi 70, ngati kulumikiza mabwalo awiri a mpira wamiyendo. Uku ndi uku kumakhala chigoli chozungulira ngati mphika waukulu, chotalika kupitirira mita imodzi, chotchedwa tai kazan. Timu iliyonse imalowetsa anthu anayi, ena amadikira panja kuti azisinthana. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, n'kumapuma mphindi 10 pakati. Ukaponya mbuzi mu kazan wa adani, wagoletsa.

Pamene pagona luso ndi potola mbuziyo pansi, chifukwa kutsika pa kavalo nkosaloledwa. Wokwerayo amaluma chikwapu chake m'mano kuti manja apeze mpata. Phazi limodzi amalilimbitsa m'chitsulo chopondapo, dzanja limodzi n'kugwira chishalo, kenaka amadzigwetsera kumbali mpaka mutu kutsala pang'ono kukhudza fumbi. Akagwira mwendo wa mbuzi amadzuka nayo mwa kamodzi, n'kuipanikiza pansi pa bondo lake kuti ikanirire panthiti za kavalo. Mwendo wa munthu ndi wamphamvu kuposa mkono, nchifukwa chake amatero. Woinyamula ndi manja okha sapita nayo patali: mnzake amangobwera pambali, kugwira mwendo wina wa mbuziyo, kukhotetsa kavalo wake, basi yapita.

Chinanso chimene chimagwetsa anthu ndi lamba wa pamimba pa kavalo. Akakhala wolefuka, munthu akangopendekeka chishalo chimatembenuka naye, iye thi! pansi pakati pa ziboda. Nchifukwa chake amavala zipewa zochindikala ndi zotchinga miyendo.

Koma ine ndimati mwini masewerowa ndi kavalo. Amasankha akavalo aamuna achifuwa chachikulu, n'kuwaphunzitsa kukankha anzawo ndi chifuwacho, kuimirira pamwamba pa mbuzi kuti wokwera aifikire, ndi kusaopa phokoso. Kavalo wamantha amaima patali ndi kazan. Zikatero woponya amapereweza, mbuzi n'kutsakamira pamlomo pa mphikawo kapena kugwera panja, ndipo chigoli sichiwerengedwa. Kavalo wozolowera amathamanga mpaka kukagunda kazanyo ndi chifuwa, moti nthawi zina wokwera amagwera m'katimo pamodzi ndi mbuzi yake, anthu n'kufuula.

Malamulo aliponso. Sukoka zingwe za kavalo wa mnzako, summenya mnzako ndi chikwapu, ndipo sumukoka kuti agwe. Wochita zimenezi amamutulutsa kunja kwa kanthawi, anzake n'kutsala operewera.

Masewerowa amachitika pa zikondwerero ndi pa Nooruz, chaka chawo chatsopano cha pa 21 Malichi. M'chaka cha 2014 anayambitsa mpikisano wa masewero a mitundu ya anthu osamukasamuka wotchedwa World Nomad Games ku Cholpon-Ata, m'mbali mwa nyanja ya Issyk-Kul, ndipo kok-boru ndiye ankakoka khamu. Mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba masewero a kok-boru m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa. M'mipikisano ina masiku ano amagwiritsa ntchito mbuzi yochita kupanga, koma kumidzi ikadali yeniyeni, ndipo akamaliza saitaya ayi, amaiphika n'kudya.

Upemphe aphunzitsi ako akusonyeze Kyrgyzstan pamapu, upezenso mzinda wake waukulu wa Bishkek. Undipatsire moni amayi ako ndi achimwene ako.

Ndine,
Agogo ako