Chilengezo kwa Aphunzitsi a Sitandade 5 mpaka 8

Aphunzitsi nonse a m'gulu lathu,

Loweruka likudzali tikumana ku TDC (malo ochitira maphunziro a aphunzitsi) ya zoni yathu ku Nchalo kuyambira 7:30 m'mawa, kuti timalize dzuwa lisanaswe mtengo. Nkhani yake ndi yophunzitsa ana kuganiza mozama, kupeza njira zawozawo ndi kugwirira ntchito limodzi.

Phunziro tilichita ife eni ngati ana. Tithira madzi ofanana m'mabotolo atatu odulidwa: la mchenga, la makande ndi la dothi la udzu, kenako tifunsane chifukwa chake madzi amakhalitsa m'minda ina Shire akasefukira.

Pochita phunziroli ndi ana m'kalasi, gulu lisapitirire ana 5. Likakula, wochenjera mmodzi amayankha zonse, enawo n'kumangoonerera. Aliyense akhale ndi yake ntchito: woyeza, wothira, wosunga nthawi, wolemba, wofotokoza. Mukafunsa "chifukwa chiyani?" dikirani masekondi 10. Ambirife timafulumira kudziyankha tokha, ndipo ana amazolowera kungodikira yankho la aphunzitsi.

Mubweretse mabotolo 3 a malita 2, kansalu kosefera, kapu yoyezera, sikimu ya teremu ino ndi K3,000 ya chakudya.

Tsimikizani pofika Lachinayi madzulo polemba dzina lanu ndi sukulu yanu, kuti tidziwe chiwerengero cha ophikira.