Mwana wanga, chala chako chija usachitenge mwachibwana

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Dedza tilipo, kungoti kuzizira kwa Juni kwatilowa m'mafupa. Bambo ako akuti moni.

Uthenga wako wa pa WhatsApp wandisowetsa tulo. Ukuti chala chaching'ono cha dzanja lamanja chikumapindikira chokha m'chikhatho ukamathamanga ndi nyimbo za Chopin pa piyano, ndiye poti sichikupweteka, wawonjezera maola oyeserera kufikira mpikisano wa ku Pretoria utadutsa. Pamenepo ine ndakana.

Leon Fleisher, katswiri wa piyano wa ku America uja, ukumudziwa kuposa ine, koma mwina umangodziwa kuyimba kwake. Anayamba kuphunzira kwa Artur Schnabel ali ndi zaka 9, ndipo mu 1952 anapambana mpikisano wa Queen Elisabeth ku Brussels. Mu 1964, mbiri yake ili pachimake, zala ziwiri zakumapeto za dzanja lamanja zinayamba kupindika zokha. Iye anati ndi kufooka chabe, nalimbikira kuyeserera, zinthu n'kuipiraipira. Matendawa madokotala amawatcha focal dystonia. Gwero lake si chala ayi, ndi ubongo umene wasokoneza mauthenga opita ku zala zimene zabwereza kayendedwe kamodzimodzi mopitirira muyeso. Kawirikawiri sapweteka, n'chifukwa chake oyimba amachedwa nawo.

Zaka pafupifupi 30 munthu uja ankayimba ndi dzanja lamanzere lokha, makamaka nyimbo imene wopeka nyimbo Ravel analembera Paul Wittgenstein, woyimba piyano amene anaduka mkono wamanja pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Fleisher ankaphunzitsanso kusukulu ya nyimbo ya Peabody, mumzinda wa Baltimore, n'kumatsogolera magulu a oyimba. Jakisoni wa Botox, mankhwala ofewetsa minofu, ndiye anadzamuthandiza, ndipo chimbale chake cha Two Hands chinatuluka mu 2004, imvi zili mbuu. Ena amaikonda nkhaniyi ngati ya kupirira. Ine ndimangowerenga zaka zimene zinapita.

Sindikuti wadwala matenda omwewo. Ine si dokotala, ndimangotsogolera kwaya ya amayi. Koma ng'ombe ya pangolo ikayamba kutsimphina, mwini wake sawonjezera matumba a kachewere.

Uwauze aphunzitsi ako sabata ino, usawabisire poopa kuti akuchotsa pamndandanda. Upite kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha, umuonetse chalacho ukuyimba, chifukwa dzanja likangokhala patebulo limaoneka labwinobwino. Ngati m'chipinda chake mulibe piyano, jambula kanema pafoni, kamera ili pafupi ndi zala. Maolawo uchepetse. Nthawi yotsalayo tenga buku la manotsi, uziwerenga uli chikhalire, nyimbo izilira m'mutu. Aluso ambiri amaloweza choncho.

Za ndalama usade nkhawa, malume ako a ku Lizulu avomera kuthandiza. Ukapangana tsiku ndi dokotala undiimbire, ndikufuna kumva ndi mawu ako.

Ndine mayi ako.