Amayi, aganyu aja alipidwe

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha, ndipo ntchito ikuyenda. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangothamanga, netiweki ikadula nkhani imathera panjira. Zimene ndili nazo lero zikufunika mukhale pansi nonse, inu, mayi a ana ndi mng'ono wangayo, wina awerenge mokweza kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Munandifunsa ngati ndimapita ku tchalitchi, ndipo nditayankha kuti ayi ndinamva kuti mtima wanu wasweka. Ndifotokoze bwino. Kuno ku Israel tsiku lopuma limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa n'kutha Loweruka madzulo. Nthawi imeneyo mabasi sayenda, masitolo ambiri amakhala otseka. Lamulungu ndi tsiku loyamba la ntchito. Pamene inu mukumanga duku kuti mupite kukapemphera, ine ndimakhala ndili m'munda wa nthochi, mkoko uli paphewa. Nthochi zake amazilima pansi pa maukonde akuluakulu otchinga dzuwa ndi mphepo, madzi amadonthera patsinde kuchokera m'timapaipi, ndipo mkoko umodzi umatha kupitirira makilogalamu 30. Ndiye Lamulungu langa limenelo.

Miyezi yoyamba zinkandiwawa kwambiri. Munthu wokulira m'kwaya, wozolowera kumva belu, kungopezeka sabata ikutha osamva ulaliki. Chimene chinanditsalira ndi Buku Lopatulika lija munandiikira m'chikwama tsiku lonyamuka. Chichewa chake ndi chakale, poti linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo ana amati n'chovuta, koma kuno kumene tsiku lonse ndimamva Chihebri, Chiarabu ndi chilankhulo cha anzathu a ku Thailand, ndikalitsegula ndimamva kuti ndafika kwathu.

Ndimadzuka kudakali mdima, thirakitala isanabwere kudzatitenga, n'kuwerenga chaputala chimodzi. Ndimatenga buku limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zongotsegula paliponse n'kuloza chala ine sindigwirizana nazo, ngakhalenso timavesi tomwe timatumizirana pa WhatsApp sitikwanira, chifukwa munthu amangosankha tomwe tikumukomera, twa madalitso tokhatokha, tomudzudzula n'kutidumpha. Ndikatseka buku ndimadzifunsa funso limodzi: zimene ndawerengazi zikundituma kuchita chiyani lero, ndipo kwa ndani? Masiku ena yankho limakhala laling'ono, monga kusamubwezera mawu kapitawo akandikalipira, kapena kumusenzera mnzanga amene msana ukumupweteka. Loweruka timakumana Amalawi ochepa amene tili pafupi, a CCAP, a Katolika, a Anglican ndi a Seventh Day, aliyense n'kunena zimene wawerenga m'sabatamo. Timaimbanso nyimbo zakwathu. Choncho musaganize kuti mwana wanu wasiya Mulungu.

Nditayamba buku la Marko, zambiri zinali pamaso panga, chifukwa munda wathu suli kutali ndi nyanja ya Galileya. Amayi, nyanja imeneyi ndi yaing'ono. M'litali ndi makilomita pafupifupi 21, m'lifupi 13, ndipo ukaima ku Tiberias tsidya linalo umaliona bwinobwino. Msodzi wa ku Chia kapena ku Linga akanaiona akanadabwa kuti ophunzira ankaopa chiyani. Koma ili m'chigwa chakuya, mamita opitirira 200 kutsika pansi pa mlingo wa nyanja yaikulu ya Mediterranean, mapiri ali uku ndi uku, ndiye mphepo ikatsika m'makwalala madzi amasintha nthawi yomweyo. Mwera wathu umayamba wachenjeza, iyi ayi. Ku Ginosar anasunga bwato lamatabwa la nthawi ya Yesu, lomwe asodzi awiri apachibale analipeza m'matope mu 1986 madzi ataphwa ndi chilala. Kutalika kwake ndi mamita 8 basi. Nditaliona ndinamvetsa Marko 4, pamene mafunde ankagavira m'ngalawa Yesu ali m'tulo kutsigiro, mutu uli pamtsamiro. Anthu aja anali asodzi enieni odziwa madzi, mantha awo sanali achibwana. Chaputala chimenecho, pamodzi ndi Salimo 46, ndi chimene chinkandigwira mtima nthawi ija masairini ochenjeza za mabomba ankalira pafupipafupi ife n'kumathamangira m'chipinda cha konkire.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi.

Mwezi uno ndakhala ndili m'buku la Deuteronomo. Ambiri amalidumpha, amati ndi malamulo a Ayuda okhaokha. Ndinafika pa chaputala 24, ndime 14 ndi 15. Pamenepo Mulungu akuletsa kupsinja munthu wosauka wolembedwa ntchito, kaya ndi m'bale wako kaya ndi mlendo wokhala m'dziko lako. Akuti umupatse malipiro ake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake wonse uli pa ndalama imeneyo, kuopa kuti angalirire kwa Yehova, iwe n'kupezeka wochimwa. Ndinawerenga kawiri. Mlendo wolembedwa ntchito m'munda wa eni ake, m'dziko lomwe lino, ndine amene. Ndikudziwa mmene mtima umakhalira tsiku lolandira likayandikira, mmene munthu umayang'anira foni kudikira uthenga wa ku banki, chifukwa kumbuyo kwako kuli fizi, feteleza ndi mankhwala a mayi ako. Ndalama ikachedwa masiku awiri okha tulo sitibwera.

Sabata yomweyo ndi pamene mayi a ana anandiuza, atazengereza kwambiri, kuti amayi aja anawokera mpunga kudambo mwezi wa Januwale mpaka lero sanalandire kanthu. Akuti amabwera pakhomo m'mawa, kukhala pakhonde, n'kuuzidwa kuti abwerenso sabata yamawa. Pomwe ndalama ya ganyuyo ndinatumiza mbande zisanazulidwe n'komwe.

Mng'ono wanga, apa ndikulankhula ndi iwe. Ndamva kuti ndalamayo unakonzetsera njinga yamoto, ndipo maganizo ako anali oti kabaza akayenda bwino ubweza. Sindikunena kuti ndiwe wakuba. Ndikudziwa kuti njingayo ikaima nawenso pakhomo pako pamagona njala, ndipo ntchito yoyang'anira munda wanga umaigwira popanda malipiro. Zimenezo ndimaziona ndipo ndimathokoza. Koma ndalama imene unatengayo siinali yanga, siinalinso yako. Kuyambira tsiku limene amayi aja anatuluka m'matope misana itauma, inali yawo. Unabwereka kwa anthu osauka kuposa iwe popanda kuwapempha. Munthu sapita kukawokera mpunga wa mnzake mu Januwale chifukwa chokonda ntchito. Amapita chifukwa m'nyumba ufa watha, chinangwa sichinakhwime, ndipo amasiya munda wake ukumera udzu kuti ana adye madzulo a tsiku lomwelo. Ukamuuza kuti sabata yamawa, wawauza ana akewo kuti adye sabata yamawa.

Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyi siili pamalo amodzi. Levitiko 19 ndime 13 akuti malipiro a wantchito asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Pa Mateyu 20, m'fanizo la antchito a m'munda wamphesa, mwini munda akuuza kapitawo wake kuti aitane antchito awalipire madzulo a tsiku lomwelo. Yakobo 5 ndime 4 ndiye amaopsa: akuti malipiro amene anabisidwa a anthu okolola m'minda akufuula, ndipo kulira kwa okololawo kwalowa m'makutu a Ambuye wa makamu. Chipangano Chakale ndi Chatsopano zagwirizana. Ife tikhoza kuimba bwino Lamulungu, kupereka chakhumi, kuvala yunifomu ya Chigwirizano, koma ngati pakhonde pathu pakhala mayi wodikira ndalama ya thukuta lake, Mulungu akumva mawu a mayiyo.

Chimene chinandigwetsa misozi, Amayi, chili kumapeto kwa chaputala 24 chomwecho. Atalamula za mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kuti pokolola muzisiyako zina m'munda kuti atole, Mulungu akupereka chifukwa chake, ndipo akuchinena kawiri: kumbukirani kuti inunso munali akapolo ku Ejipito. Ine ndinakumbukira njala ya 2002. Ndinali wamng'ono koma sindinaiwale. Inu munkadzuka usiku kupita kukapalira m'minda ya anthu kuti mupatsidwe gaga, ife n'kumakudikirani panjira. Tsiku limene munabwera chimanjamanja chifukwa mwini munda anati mubwere mawa, munatiphikira masamba okhaokha, inu osadya. Mng'ono wangayu anali kumsana, sangakumbuke, n'chifukwa chake ndikupempha kuti mumufotokozere ndinu. Banja lathu ndi la aganyu. Lero tili ndi malata padenga chifukwa mmodzi wa ife akugwira ganyu kutali. Sitingakhale ife oyendetsa anthu maulendo pa ndalama yawo.

Ndiye ndachita chonchi. Ndatumiza ndalama ina pa foni ya mayi a ana, yokwanira onse amene anawokera, ndipo ndawonjezerapo pang'ono chifukwa mtengo wa chimanga pamsika sunawadikire. Musawaitanitse. Mng'ono wanga, upite wekha kunyumba kwawo mmodzimmodzi, uwapatse m'manja ndi kuwapepesa. Ukachita manyazi amalume akuperekeze. Ndalama ya njinga ija tidzakambirana awiri, uzibweza pang'onopang'ono mpunga ukakololedwa, ndipo sindikufuna kuti ikhale nkhani yodanitsa iwe ndi alamu ako. Iwo sanakunenere zoipa, ndinachita kuwaumiriza kuti andiuze. Kuyambira pa kupalira kukubweraku, waganyu aliyense azilandira tsiku lomwe wamaliza ndime yake. Ngati ndalama palibe, tisalembe munthu.

Za madzi a mu Yordano amene munapempha kuti ndikutumizireni chifukwa cha BP. Alipodi, pamalo ena otchedwa Yardenit, pomwe mtsinjewo umatuluka m'nyanja ya Galileya, amagulitsa m'timabotolo ndipo alendo ochokera m'maiko ambiri amabatizidwa pamenepo. Mtsinje wake ndi wochepa, Bua nthawi ino ya mvula amauposa. Ngati mukufuna kabotolo koti muzikaona n'kumakumbukira kumene mwana wanu anagwirako ntchito, ndidzabwera nako. Koma musaike chikhulupiriro chanu m'menemo. Pa 2 Mafumu 5, Namani uja anakwiya atauzidwa kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri, akuti mitsinje ya kwawo ku Damasiko ndi yabwino kuposa umenewu. Chimene chinamuchiritsa ndi kumvera mawu amene anauzidwa. Ine ndimayenda pa nthaka imene Yesu anapondapo, ndafika ku Kaperenao ndaona miyala ya sunagoge, koma kuno anthu amakangana, kunamizana ndi kuledzera monga kwina kulikonse, ena mwa iwo Amalawi anzanga amene anabwera ndi Baibulo m'chikwama n'kulisiya momwemo. Mankhwala amene anakupatsani kuchipatala muzimwa tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino, ndipo tsiku la sikelo yanu ya BP musaliphonye. Mchere muchepetse, ngakhale mu usipa.

Ndikudziwa kuti maso anu sakuonanso zilembo zing'onozing'ono. Mdzukulu wanu wamkuluyo ali Sitandade 5, amawerenga bwino Chichewa. Mukatha kudya madzulo, nyali ya sola ija isanathe moto, azikuwerengerani ndime zingapo, ang'ono ake ali pomwepo. Muyambe ndi buku la Rute, lili ndi machaputala 4 okha, ndipo ndi nkhani ya mkazi wamasiye amene anapita kudziko la eni n'kumatola barele m'munda wa Boazi kuti adyetse apongozi ake. Muone mmene Boazi ankalankhulira ndi antchito ake ndi mmene anamusamalira mlendoyo. Mukamaliza mupite ku Marko. Musathamange. Akawerenga muziwafunsa anawo kuti amvapo chiyani ndipo mawa achita chiyani, kusukulu kapena kudambo. Inenso ndibwerera ku Rute kuti tiziyendera limodzi, ndipo Loweruka tikamalankhula pa foni tizifunsana.

Mayi a ana, zikomo chifukwa cha zonse mukusenza nokha. Fizi ya teremu ino ili m'ndalama yomweyo, musaisakanize ndi ya aganyu. Denga la khitchini lidikire mvula ithe. Aganyu akalandira munditumizire uthenga tsiku lomwelo, ndipo mundiuzenso ngati madzi sanalowe m'munda wakumunsi uja.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa abusa ndi amayi busa, kwa amayi a Chigwirizano amene amandipempherera, ndi kwa anzanga a kwaya. Ana muwauze kuti bambo awo amawatchula maina m'pemphero m'mawa uliwonse.

Ndine mwana wanu,
wa ku Galileya.